Ndinamukana Kawiri Mwana Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga kulikonse kumene mawuwa akupezeni. Ine ndine Luwiza, ndimakhala ku Lungwena, ndipo ntchito yanga ndi yoyanika usipa. Sindine mlaliki, ngakhale kukwaya anandipempha mwaulemu kuti ndizingoomba m'manja chifukwa mawu anga amasokoneza anzanga. Koma amayi anzanga a kutchalitchi akhala akundikakamiza kuti ndifotokoze za matenda a mtima a mwana wanga Felista ndi mmene Mulungu anamupulumutsira. Ndavomera, komatu ndinena zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe. Ambiri akamachitira umboni amati ankapemphera osalekeza. Ine sindinkapemphera, ndipo thandizo litafika pakhomo panga ndinalibweza kawiri ndi pakamwa pangapa.

Kwathu kwenikweni ndi ku Mozambiki, kuseri kwa mapiri a ku Namwera, ulendo wa masiku angapo wapansi. Nthawi ya nkhondo anthu amfuti anafika m'mudzi mwathu dzuwa lili paliwombo, mmodzi ali ndi pepala m'manja. Sanakalipe ayi. Anatisonkhanitsa pabwalo n'kunena kuti amene atchulidwe dzina ayankhe, apita kumsonkhano ndipo abwerako madzulo. Anatchula Zuze, mwamuna wanga, ndipo iye poti anali munthu waulemu anavula chipewa n'kuyankha kuti, "Ndilipo." Mpaka lero sanabwereko kumsonkhano uja. Amene anangokhala duu ngati dzinalo si lawo anatsala, chifukwa anthu amfutiwo sankadziwa nkhope ya aliyense. Kuyambira tsiku limenelo tonse a m'mudzimo tinasiya kuyankha dzina likamawerengedwa papepala ndi mlendo.

Ndinathawa ndi ana awiri, Felista wa zaka zisanu ndi zitatu ndi khanda limene linali kumsana. Khandalo linafera m'njira ndipo ndinalikwirira ndekha pansi pa mwala. Sindinalire, chifukwa kulira kukanamveka patali. Titafika ku Malawi kuno ambiri anapita kukampu ya othawa nkhondo, koma ine ndinangotsata gulu lina limene linkatsetserekera kunyanja, osadziwa n'komwe kumene ndikupita. Amene ananditola pamchenga ndi Abiti Musa, mayi wamasiye wa Chisilamu, wamfupi, wa pakamwa posatseka. Anatipatsa kakhitchini kake kuti tizigonamo n'kundiphunzitsa kumwaza usipa pathandala ndi kuutembenuza usanamatirire. Mudzi wonse unkatibisa. Mlendo akafunsa, aliyense ankati kuno kulibe othawa nkhondo, onse ndi achibale a Abiti Musa.

Chaka chachiwiri Felista anadwala zilonda zakukhosi. Ndinamupatsa madzi ofunda amchere ndipo zinatha. Patapita masabata ochepa anayamba kulira maondo, mawa lake akakolo, mkuja zigongono, thupi lili moto. Tonse tinati ndi malungo, ndipo nawo anatha. Koma itadutsa miyezi ingapo ndinaona kuti mwana uja akachoka kunyanja ndi kandowa kakang'ono akupumira m'njira katatu. Poyamba ndinkamukalipira kuti ndi ulesi, Mulungu andikhululukire. Kenaka mapazi anatupa, mimba inatupa, ndipo akagona chagada ankabanika n'kudzuka akutsokomola. Ndinagoneka mtondo m'mbali mwa khoma pakhonde, n'kutsamiritsapo thumba la madeya ndi mphasa, kuti azigona atakhala tsonga. Masana onse ankakhala pamenepo, ndipo ukamuyang'ana pachifuwa umaona mtima ukugunda kunja kwa diresi.

Abiti Musa ndi amene anandikoka kupita kuchipatala cha mishoni. Ndinamubereka Felista, mtsikana wa zaka khumi, miyendo yake ikundimenya m'maondo njira yonse. Adokotala anamumvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumsana. Kenaka anatiuza kuti mumtima muli tizitseko timene timatsegula ndi kutseka kuti magazi azipita njira imodzi, ndipo zilonda zakukhosi zija zinaononga kachitseko kamodzi, moti magazi ankabwerera m'mbuyo. Anatipatsa mapiritsi ophwetsa kutupa n'kunena kuti azibwera kudzabayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Kukonza kachitsekoko anati kumafuna opaleshoni imene m'dziko muno sinkachitika. Koma anati ku Blantyre kuli kachipinda ka matenda a mtima kamene anthu akufuna kwabwino anakhazikitsa, ndipo madokotala odziwa za mtima amafikako kamodzi pachaka kudzasankha ana oti akachitidwe opaleshoni ku Joni. Anati alemba dzina la mwanayo, mwayi ukapezeka atiitana.

Atatenga cholembera ine ndinangoti kukamwa gwa. Amene anayankha ndi Abiti Musa: Felista Zuze, wa ku Lungwena, mayi ake ndi Luwiza. Ndinaona dzina la mwamuna wanga likulowanso papepala, ndipo tikubwerera sindinawalankhule Abiti Musa mpaka kunyumba.

Jakisoni uja tinabayitsa miyezi inayi. Mvula itayamba msewu unaduka, ndipo itatha sindinapitenso. Ndikanatha kunena kuti kunali kutali, ndipo n'zoona kunali kutali, koma chifukwa chenicheni n'chakuti ndinali nditasiya. Sindinkamva chisoni, sindinkamva mantha, mkati mwanga munangochita dzanzi. Ndinkamusambitsa Felista, kumuphikira phala, kumupesa tsitsi, koma ndinkachita zimenezi ngati mmene umasamalira katundu wa eni amene akubwera kudzamutenga. Nditagulitsa usipa wanga woyamba wa ine ndekha ndinagula chitenje chatsopano chobiriwira, ndinachikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuchisomeka kudenga. Chinali choti ndidzamukulungemo akadzamwalira, chifukwa mng'ono wake ndinamukwirira wopanda kanthu ndipo sindinkafuna zibwerezeke. Kutchalitchi ndinkapita, ndinkakhala kumbuyo, milomo ikuyenda pamodzi ndi anzanga, koma ndikatuluka sindinkakumbukira ngakhale nyimbo imodzi.

Chaka chinatha chathunthu. M'nyengo ya mwera kunamveka mphekesera yoti akuluakulu a boma akuyenda m'midzi kulemba othawa nkhondo amene sali kukampu, kuti awakweze malole. Ena ankati akatisiya kukampu, ena ankati akatitula kumalire. Sabata imeneyo Abiti Musa anali atapita ku Makanjira kusadaka ya mchimwene wawo. Lolemba m'mawa ndili pathandala tinamva njinga yamoto. Anatsikapo bambo wamtali, wovala yunifolomu ya kaki ndi majombo, n'kutulutsa pepala m'thumba la malaya. Anapita kwa asodzi amene ankasoka ukonde n'kuwerenga mokweza kuti akufuna Felista Zuze, mwana wa Luwiza, ochokera ku Mozambiki. Asodzi aja sanadzutse ngakhale mutu. Mmodzi anati dzina limenelo salidziwa, mwina akayese mudzi wakutsogolo.

Kenaka bamboyo anabwera kwa ine. Anandipatsa moni bwinobwino n'kunena kuti wachokera kuchipatala.

"Mayi, inu simungamudziwe mwana ameneyu, Felista Zuze?"

"Sindimudziwa," ndinatero, manja ali muusipa.

Mawu akuti kuchipatala ndinawamva. Koma aja anatenga mwamuna wanga nawonso ananena mawu abwino, anati kumsonkhano. Chimene ndinaona ine ndi pepala, majombo, ndi dzina la Zuze likutuluka pakamwa pa mlendo. Njinga itapita amayi anzanga anandiyamikira kuti ndalimba mtima, ndipo ine ndinapitiriza kutembenuza usipa.

Lachitatu anabweranso, ulendo uno akuyenda khomo ndi khomo. Nditamva njinga ndinamunyamula Felista pakhonde n'kumulowetsa m'nyumba, ndinamuuza kuti asatsokomole. Bambo uja anandipeza ndikusesa. Anandizindikira kuti ndine wa pathandala uja, koma sananene kanthu za zimenezo. Anangofotokoza kuti madokotala a mtima afika ku Blantyre, dzina la Felista Zuze latuluka, ndipo galimoto ya chipatala inyamuka Loweruka m'mawa. Ikapita yapita, mpaka chaka chamawa. Ndinamuyankha kuti anthu amenewo ndinamva kuti anabwerera kwawo. Anaima kanthawi, maso ake ali pamtondo wogonekedwa uja ndi mphasa yake, kenaka anatsanzika n'kumapita.

Apa ndi pamene pali manyazi anga, abale. Tsiku loyamba ndinakana chifukwa cha mantha, ndipo aliyense wochokera kwathu angandimvetse. Koma tsiku lachiwiri ndinadziwa mumtima kuti munthuyu angakhale akunena zoona. Anatchula Blantyre, anatchula madokotala a mtima, zomwe zija ananena adokotala chaka chathacho. Ndinakanabe. Ndinali nditatopa, ndipo ndinali nditamuika kale mwana wanga m'manda m'maganizo mwanga. Kuyambanso kuyembekezera, kenaka n'kudzamutayanso, ndinaona kuti mphamvu zake ndilibe. Nditalowa m'nyumba Felista anandiyang'ana, ndipo ine ndinamufunsa ngati akufuna phala.

Abiti Musa anabwera Lachinayi madzulo ndipo palibe anawauza za bambo uja. Lachisanu masana, anthu atatuluka mumzikiti, panafika bambo wina panjinga yakapalasa, atavala mkanjo woyera ndi kachisoti. Ndinachita kumuyang'anitsitsa kuti ndizindikire kuti ndi yemwe uja wa majombo. Ndinali nditamulowetsa kale Felista chifukwa cha mphepo. Bamboyo analonjerana ndi Abiti Musa m'Chiyao, anafunsana za kumudzi, ndipo zinapezeka kuti mayi ake ndi a ku Makanjira komweko. Dzina lake anali Che Bwanali, wa zaumoyo woyendera midzi. Anagula usipa wa mbale imodzi, anakhala pansi pakhonde pafupi ndi mtondo uja, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe.

"Abiti Musa, ine sabata ino ndalakwa," anatero. "Ndabwera kuno kawiri ngati wapolisi. Dzulo anesi ena kuntchito, ochokera ku Mozambiki komweko, anandikhazika pansi n'kundiuza mmene anthu a kumeneko amalionera pepala. Sindinkadziwa. Lero ndilibe pepala, onani."

Anatulutsa matumba a mkanjo wake kunja, munalibe kanthu koma kampango.

"Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ndingonena kuti ntchito imeneyi ndakalamba nayo. Nyumba imene mtondo wake sausinjira koma augoneka pakhoma ndi mphasa, mumakhala mwana amene sangagone chagada. Mwana wotero mawa akakwera galimoto, Inshala, akhala ndi moyo. Akapanda kukwera, sindikhulupirira kuti mwera wa chaka chamawa adzauona."

Abiti Musa anatembenukira kwa ine, ndipo anati, "Luwiza, wachita chiyani iwe?" Ine ndinangoyang'ana pansi. Ngakhale pamenepo sindinatsegule pakamwa, ndipo sindikudziwa ngati ndikanatsegula.

Tinamva kukhwekhwereza m'nyumba. Felista anatulukira pakhomo atagwira khoma, mapazi otupa aja akuwakoka, akupuma mwawefuwefu. Anati, "Amayi, akunena ine." Kenaka anayang'ana Che Bwanali n'kunena kuti, "Ndilipo."

Anayankha chimodzimodzi ngati bambo ake, ngakhale kaimidwe kake. Ndinakhala pansi pomwepo. Sindinasangalale ayi, ndisakunamizeni. Ndinangoganiza kuti basi, nayenso wapita.

Loweruka m'mawa kunali mphepo yozizira. Tikukonzeka, Abiti Musa analowa m'kakhitchini kathu, anakwera pampando n'kusolola chitenje chija kudenga. Anang'amba pulasitiki n'kumufunditsa Felista. Nditafuna kulankhula anandidula kuti, "Ndinaiona kalekale nsalu yako ya maliro. Mwana akunjenjemera uyu, iwe ukusungira nsalu mitembo?" Che Bwanali anamukweza Felista panjinga mpaka kumsewu, ife tikutsatira pambuyo, ndipo galimoto inatipeza pamenepo.

Kachipinda ka mtima ku Blantyre kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, mabedi ochepa ndi makina amodzi pakona atafunditsidwa nsalu. Dokotala wamkazi anapaka Felista mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachitsulo, ndipo pagalasi la makinawo panaoneka chinthu chotuwa chikutsegula ndi kutseka ngati kamwa la chambo chimene changovuulidwa. Anesi anandimasulira kuti umenewo ndi mtima wa mwana wanga, ndipo anandilozera kachitseko kamene sikankatseka bwino. Anati tikanachedwa chaka china sipakanakhala chokonza. Ndinagwedeza mutu. Anesiwo anandifunsa kawiri ngati ndamva, chifukwa amayi ena pamenepo ankalira kapena kugwada, ine ndinangokhala ngati andiuza mtengo wa mchere.

Panali vuto lina, loti Felista analibe chiphaso cha dziko lililonse. Anthu a mpingo wina wa mumzindamo, amene sindinawadziwe ndipo sanali a mpingo wanga, anayenda m'maofesi masiku angapo mpaka chikalata choyendera chinatuluka. Ine sanandilole kupita nawo ku Joni, ana ankapita ndi anesi. Anandibweretsera pepala loti ndidinde chala kuvomereza, ndipo pamwamba pake panali dzina lija, Felista Zuze. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinafunsa anesiwo kuti kodi amene akuchita zonsezi ndani, ndipo akufuna chiyani kwa ife. Anaseka n'kunena kuti ndi anthu amene sindidzawaona: amayi a m'mipingo ya kuno ndi ya kunja amene amasoka ndi kuphika n'kugulitsa, eni masitolo, ana asukulu, madokotala amene amasiya ntchito kwawo n'kubwera osalipidwa. Makina aja nawo inali mphatso. Anati palibe chimene akufuna, ambiri a iwo sadzamva n'komwe dzina la mwana wanga. Sindinamvetse, koma ndinadinda.

Ndinabwerera ku Lungwena ndekha. Ndinadzutsa mtondo uja n'kuyamba kusinjiramo, ndinapinda mphasa. Anthu ankandifunsa za mwana ndipo ndinkayankha kuti anapita. Ena anayamba kunong'onezana kuti mayi uyu mtima wake ndi wamwala, ndipo sindinawatsutse. Patapita masabata atatu Che Bwanali anaima pathandala n'kundiuza kuti uthenga wafika, opaleshoni yatheka ndipo mwana wadzuka, akudya. Abiti Musa analuluta mpaka asodzi anathamangira kumtunda. Ine ndinati zikomo, n'kufunsa ngati afuna usipa wa lero kapena wa dzulo.

Felista anabwera itatha miyezi iwiri. Anali wowonda, ali ndi chipsera chachitali kuchokera pansi pa khosi mpaka pamwamba pa mimba, atanyamula bulangete loluka la timabokosi tamitundumitundu limene mayi wina wosadziwika analuka. Chitenje chobiriwira chija anali atachimanga m'chiuno. Anayenda yekha kuchokera kumsewu mpaka kunyumba osapumira. Atadya anagona pamphasa chagada, manja atatambasula, n'kugona tulo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinaima pakhomo kumuyang'ana, ndikudikira kuti abanike. Sanabanike. Mudzi wonse unabwera kudzaona chipseracho, Akhristu ndi Asilamu omwe, aliyense akuthokoza Mulungu m'chinenero chake. Ine ndinkangotungira alendo madzi. Lamulungu ndinaimirira m'tchalitchi kuthokoza chifukwa abusa anandiuza kuti nditero, koma mawu ake anali obwereka.

Dzanzi lija linandigwirabe miyezi ina itatu. Tsiku lina masana ndinamutuma Felista kukatunga madzi kunyanja, ndipo anachedwa kwambiri. Ndiwo zinali pamoto, madzi ndinalibe, ndipo ndinapsa mtima. Ndinathyola kakamtengo m'njira n'kumulondola. Ndinapeza ndowa ili pambali yopanda madzi, iye ali pakati pa atsikana anzake akusewera chipako, akuthamanga pamchenga, akukuwa, diresi atalikwinyira m'chiuno. Ndinakweza kamtengo kaja n'kukalipa kuti, "Felista! Ine ndikudikira madzi, iwe uli pano kuthamangathamanga ngati..." Mawu anathera pomwepo. Ndinadzimva ndekha zimene ndikunena, kuti ndikukalipira mwana uja wa pamtondo chifukwa chothamanga.

Ndinakhala pansi pamchenga n'kulira. Ndinalira mokweza, mosadzigwira, moti amayi amene ankachapa anasiya zovala n'kuthamangira kwa ine poganiza kuti kwabwera uthenga wa maliro. Ndinalirira Zuze, ndinalirira khanda langa la pansi pa mwala limene ndinali ndisanalilirepo, ndinalirira masiku awiri aja amene ndinati mwana wanga sindimudziwa. Felista anaima patsogolo panga ali ndi mantha, akuganiza kuti walakwa kwambiri, n'kumati, "Pepani amayi, nditunga pompano." Tsiku limenelo ndi limene ndinapempheradi koyamba chichokereni kwathu, ndipo pemphero lake linali lalifupi, loti Ambuye mundikhululukire.

Pambuyo pake ndinamupepesa Felista, ndipo ndinamufunsa chimene chinamutulutsa m'nyumba tsiku lija. Anandiuza kuti chaka chonse chija ali pamtondo, tsiku lililonse ankapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti adokotala amene analemba dzina lake asaliiwale. Ndiye atamva likutchulidwa Lachitatu lija, ine n'kukana, anati mumtima mwake munthuyo akadzabweranso adzadziyankhira yekha. Choncho musanditame ine, abale. Pemphero limene linayankhidwa m'nyumba mwathu linali la mwana wodwala, ndipo Mulungu analiyankha kudzera mwa bambo wa Chisilamu amene anakanidwa kawiri koma n'kubwereranso kachitatu. Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo Che Bwanali ndinkawaseka nawo mwambi umenewu mpaka tsiku limene anatisiya.

Nkhondo itatha anzanga ambiri anabwerera kwathu. Ine ndinatsala chifukwa cha jakisoni wa mwezi ndi mwezi, amene sitinaphonyenso ngakhale kamodzi, mvula kapena dzuwa. Zaka zonsezi ndaona zinthu zikusintha. Kachipinda kaja kanakula n'kukhala wodi yathunthu, ndipo anthu opatsa sanatope. Makina aja amene ankadzaza pakona, masiku ano alipo ang'onoang'ono olowa m'chikwama, ndipo nthawi zina amabwera nawo ku Mangochi konkuno, mwana n'kuunikidwa mtima asanatupe mapazi. Ndamvanso kuti maopaleshoni ena ayamba kuchitikira m'dziko mommuno. A zaumoyo tsopano amaphunzitsa kuti mwana akadwala zilonda zakukhosi apite kuchipatala msanga, osati madzi amchere okha ngati ndinachitira ine. Chaka chilichonse mpingo wathu ukamasonkhanitsa mphatso za kuwodi ya mtima, ine ndimatumiza dengu la usipa wosankha, kuti amayi odikirira ana awo kumeneko apeze ndiwo. Ndipo a zaumoyo akamafunafuna mwana m'midzi ya anthu akwathu, amadzanditenga. Ndimawauza kuti pepala alisiye m'chikwama, ine nditsogole.

Felista anakula, anakwatiwa, ndipo madokotala atamuyang'anira bwino anabereka mwana wamwamuna. Anamutcha Zuze. Tsiku lake loyamba la sikelo mayi ake anali asanalimbe, ndiye ndinamubereka ine, pachitenje chobiriwira chija, chimene tsopano chinali chitasuluka. Tinakhala pabenchi ndi amayi ena ambiri. Anesi anatulukira ndi mulu wa makadi n'kuyamba kuitana, ndipo patapita kanthawi anakweza khadi limodzi n'kuwerenga kuti, "Zuze!" Thupi langa lonse linauma monga kale, ndipo lilime linakana. Anaitananso kachiwiri, akuyang'ana uku ndi uku, atatsala pang'ono kuliika pansi pa mulu. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Alipo."

Ndikuthokoza Mulungu amene sanadikire kuti ndikhale ndi chikhulupiriro asanandithandize. Ndikuthokoza Abiti Musa ndi Che Bwanali, madokotala ndi anesi, ndi inu nonse amene mumapereka kuwodi ya mtima osadziwa kuti mukupereka kwa yani. Mmodzi wa anthu amene munawathandizawo ndi mwana wanga, ndipo lero akuyanika usipa pambali panga. Kwa inu amene mwatopa mpaka simukumvanso kanthu, sindikuuzani kuti musangalale, chifukwa ndikudziwa kuti sizitheka. Pitirizani kumusambitsa wodwala wanuyo, pitirizani kumuphikira phala, musaleke jakisoni ngati ndinalekera ine. Ndipo wina akadzaima pakhomo panu n'kutchula dzina la mwana wanu, ngakhale mawu akunjenjemera, mudzayankhe. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.